Jerome Woyera, Nkhalamba ya ku Betelehemu

Pa 30 September Mpingo umakumbukira Jerome Woyera, ndipo n'chifukwa cha iyeyu kuti Akatolika a m'mayiko ambiri amautcha mwezi umenewu mwezi wa Baibulo. Amene munaonapo chithunzi chake mukukumbukira nkhalamba yowonda ya ndevu zazitali, itakhala m'phanga, buku lili patsogolo, mkango utagona pambali. Za mkangozo ndi nthano imene anthu anamuwonjezera patapita zaka mazana ambiri atamwalira. Chipewa chofiira cha ukadinala chimene amamujambula nacho sanachivalepo, pakuti makadinala monga tikuwadziwira lero kunalibe masiku akewo. Koma pa zithunzi zambiri pali chinthu chimodzi chonena zoona: m'dzanja lake muli mwala, ndipo akudziguguda nawo pachifuwa. Ojambula aja ankamudziwa munthu wawo. Jerome anali katswiri wa Malembo Oyera woposa onse a nthawi yake m'mayiko olankhula Chilatini, komanso anali munthu wa mtima wapachala ndi lilime lakuthwa, wosachedwa kukhumudwa, wochedwa kukhululuka. Mawu a Mulungu ndi pemphero zinalimbana ndi mtima wotere kwa zaka zoposa makumi anayi.

Anabadwa cha m'chaka cha 347 ku Stridon, kamzinda kamene kanali m'malire a zigawo za Dalmatia ndi Pannonia, cha kumene lero kuli dziko la Croatia. Makolo ake anali Akhristu opeza bwino, ndipo ataona kuti mwana ndi wanzeru anamutumiza ku Roma ali ndi zaka pafupifupi 12, pamodzi ndi mnzake wa paubwana dzina lake Bonosus. Kumeneko anaphunzira kwa Aelius Donatus, mphunzitsi wa Chilatini wotchuka kwambiri nthawi imeneyo. Mabuku anawakonda ngati chakudya. Ndakatulo za Virgil ndi zolankhula za Cicero ankaziloweza pamtima, ndipo mabuku ena ankachita kuwakopera yekha pamanja mpaka anakhala ndi laibulale yakeyake. Ife a m'tauni tikudziwa zimene zimachitika mnyamata akafika mumzinda waukulu, makolo ali kutali, m'thumba muli kandalama. Jerome nayenso zinamupeza, ndipo atakula sankabisa kuti pa unyamata wake anaterereka. Komabe Lamulungu iye ndi anzake ankapita kukayendera manda a atumwi ndi amaritiri, aja okumbidwa pansi pa nthaka kunja kwa mzinda, n'kumayenda mumdima wa m'menemo mantha atawagwira. Anabatizidwa ku Roma komweko ali ndi zaka pafupifupi 20, popeza masiku amenewo mabanja ambiri achikhristu ankachedwetsa ubatizo wa ana awo.

Atamaliza sukulu anapita ku Trier, ku Germany wa lero. Ali kumeneko mtima wake unayamba kukopeka ndi moyo wa amonke, anthu amene ankasiya chuma ndi banja kuti adzipereke ku pemphero ndi kusala kudya. Anakakhala zaka zingapo ku Aquileia, kumpoto kwa Italy, m'kagulu ka anyamata ofuna moyo womwewo, pamodzi ndi Rufinus, bwenzi lake la kusukulu. Kaguluko kanabalalika mwadzidzidzi, ndipo cha m'ma 373 Jerome ananyamula mabuku ake onse n'kulowera kum'mawa, nakafika ku Antiokeya wa ku Siriya, mzinda uja umene ophunzira a Yesu anayambira kutchedwa Akhristu.

Ali ku Siriyako kunachitika chinthu chimene iye mwini anadzachifotokoza m'kalata patapita zaka pafupifupi khumi. Anali atasiya kwawo, makolo, mlongo wake, ngakhale chakudya chabwino chimene anazolowera, koma mabuku aja sanathe kuwasiya. Ankasala kudya, kenaka n'kutsegula Cicero. Ankachezera usiku kulira machimo ake, kukacha n'kutenga masewero oseketsa a Plautus. Akati abwerere kwa aneneri, kalembedwe kawo kankamunyansa. Baibulo la Chilatini la nthawi imeneyo linali ndi mawu okhakhala, ndipo kwa munthu amene anadutsa m'manja mwa Donatus linkamveka ngati zolemba za mwana wa ku pulayimale. Ndiye pakati pa nyengo ya Lenti anatentha thupi koopsa mpaka anthu anayamba kukonzekera maliro. M'kudwalako analota ataimikidwa pamaso pa Woweruza. Atafunsidwa kuti ndi ndani, anayankha kuti ndi Mkhristu. Woweruzayo anamutsutsa kuti akunama, iye ndi wophunzira wa Cicero, namukumbutsa zimene Ambuye anaphunzitsa pa Mateyo 6:21 za chuma ndi mtima. Anakwapulidwa, nalumbira kuti mabuku achikunja sadzawagwiranso, ndipo anadzidzimuka m'maso muli misozi yokhayokha, mapewa akuwawa.

Tisathamangire kuganiza kuti Mulungu amadana ndi maphunziro. Lumbiro lija Jerome sanalisunge moyo wake wonse. Atakula ankaphunzitsa ana Virgil yemweyo, ndipo adani ake anamunyoza nazo. Ndiponso popanda Chilatini chokoma chimene anayamwa kwa Cicero, ntchito imene Mpingo umamukumbukira nayo sakanaigwira. Chimene malotowo anavumbula ndi china: munthu angathe kubatizidwa, kusala kudya, kusiya kwawo chifukwa cha Khristu, Baibulo n'kumamutopetsabe. Ambiri a ife sitikufunika kuuzidwa zimenezi. Foni timatha kuigwira maola awiri osaphethira, koma mutu umodzi wa Yesaya tisanaumalize tulo tafika kale. Jerome sanadikire kuti Malembo ayambe amukomera kaye. Anayamba kuwawerenga tsiku ndi tsiku ndi khama loposa limene kale ankawerengera mabuku a anthu, ndipo kukoma kunabwera pambuyo.

Cha m'ma 375 analowa m'chipululu cha Chalcis, osati kutali kwambiri ndi Antiokeya, nakhalamo zaka ziwiri kapena zitatu. Ankayembekeza kupeza mtendere, koma anapeza kuti Roma uja anamunyamula m'mutu. Khungu litada ndi dzuwa, thupi litatha ndi njala, anzake ali zinkhanira ndi zilombo, maganizo ake ankaonabe atsikana ovina a mumzinda. Ankadzigwetsa pa mapazi a Yesu n'kumalira, nthawi zina usana ndi usiku, akudziguguda pachifuwa mpaka mtima utakhala pansi. Kusala kudya kutalephera kuzimitsa moto wa m'maganizo, anapeza mankhwala achilendo. Anapempha mmonke wina, Myuda wotembenuka, kuti amuphunzitse Chihebri. Zilembo zake n'zowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, mawu ake otulukira pakhosi. Anataya mtima kangapo n'kusiya, kenaka n'kuyambiranso. Umu ndi mmene maganizo oyendayenda aja anapezera ntchito yoti agwire. Akhristu olankhula Chilatini odziwa Chihebri anali osowa kwambiri nthawi imeneyo, ndipo palibe ankadziwa, ngakhale mwini wakeyo, kuti mayesero a m'chipululu adzabala Baibulo la Mpingo wonse wa kumadzulo. M'chipululumo sanatulukemo bwino. Anakangana ndi amonke anzake pa nkhani za chiphunzitso, iwo n'kumamukayikira chikhulupiriro, iye n'kuchoka akunena kuti kukhala ndi zilombo kuli bwino kusiyana ndi Akhristu otere.

Ku Antiokeya episkopi Paulinus anamudzoza unsembe, iye atavomera pokhapokha ngati adzakhalabe mmonke womasuka kuphunzira. Anapita ku Constantinople kukamvera Gregory wa ku Nazianzus akutanthauzira Malembo, ndipo mu 382 anabwerera ku Roma. Papa Damasus anamukonda, namutenga kuti azimuthandiza kulemba makalata, n'kumamutumiziranso mafunso a m'Baibulo. Papa yemweyu ndiye anamupatsa ntchito yokonza mabuku anayi a Mthenga Wabwino m'Chilatini, chifukwa makope amene ankawerengedwa m'matchalitchi ankasiyana kwambiri. Okopera ena ankawonjezera, ena ankadumpha, ena ankakonza zosalakwika. Jerome anawayerekeza ndi makope akale a Chigriki, ndipo pofika 384 ntchitoyo inali itatha. Si onse anayamikira. Munthu akazolowera mawu a pemphero kuyambira ali mwana, ukasinthapo liwu limodzi amaona ngati wamulanda chikhulupiriro. Ena anamunena kuti akudziyesa wokonza mawu a Ambuye. Iye m'malo mofotokoza modekha anawatcha abulu a miyendo iwiri.

Zaka zitatu za ku Romazi zinali ndi chinthu chimodzi chokoma kwambiri. Pa phiri la Aventine panali nyumba ya Marcella, mayi wamasiye wa banja lolemekezeka. Amayi amasiye ndi atsikana ankasonkhana kumeneko kupemphera, kuimba Masalimo ndi kuwerenga Malembo; tingati unali mphakati wa nthawi imeneyo. Anapempha Jerome kuti aziwaphunzitsa. Marcella sankangovomera chilichonse. Ankafunsa mafunso ovuta, n'kutsutsa yankho likakhala losakwanira, osati pofuna mkangano koma pofuna kumvetsa, moti Jerome atachoka ku Roma ngakhale ansembe ankapita kwa mayiyu pakabuka kusamvana pa tanthauzo la ndime ina. Panalinso Paula, amene anaferedwa mwamuna atangopitirira zaka 30, n'kutsala ndi ana asanu. Iye ndi mwana wake wamkazi Eustochium anaphunzira Chihebri mpaka kumaimba Masalimo m'chilankhulo chimene analembedwera.

M'makalata amene Jerome ankalembera amayi amenewa ndi mmene tikupeza chiphunzitso chake cha moyo wauzimu, ndipo si chovuta kuchimva. Kuwerenga ndi kupemphera kwa iye zinali mbali ziwiri za kucheza kumodzi: popemphera ndi munthu amene akulankhula, powerenga ndi Ambuye amene akuyankha. Ndiye kuti wongopemphera osawerenga ali ngati mlendo amene amalankhula yekhayekha osapatsa mpata mwininyumba. Ankalangiza kuti pakhale gawo loikika lowerenga tsiku lililonse, losadalira kuti lero mtima wafuna kapena ayi. Ndime zina zilowezedwe pamtima kuti zikhale nawe pamene buku palibe. Pemphero likhale ndi maola ake odziwika, m'mawa, 9 koloko, masana, 3 koloko ndi madzulo, kuwonjezera kapemphero ka pa chakudya, ka potuluka m'nyumba ndi ka pobwera. Ndipo usiku tulo tikupeze buku lili m'manja. Patapita zaka, mpongozi wa Paula, dzina lake Laeta, anamufunsa za kaleredwe ka mwana wake wamkazi, amenenso anamutcha Paula. Jerome anayankha kuti amusemere zilembo za mtengo zoti aziseweretsa, asamukalipire akachedwa kugwira, azimulimbikitsa ndi timphatso. Akadziwa kuwerenga ayambe ndi Masalimo, kenaka Miyambo, Mlaliki ndi Yobe, ndiye afike pa Mthenga Wabwino umene asadzausiyenso, Ntchito za Atumwi ndi makalata. Aneneri ndi mabuku a mbiri abwere pambuyo, Nyimbo ya Solomoni pomalizira penipeni. Amene munayesapo kuwerenga Baibulo kuyambira Genesis n'kukagonjera pakati pa Levitiko mungaone nzeru ya ndondomeko imeneyi.

Koma changu chake chinali ndi mbali yoopsa, ndipo kuibisa n'kusamuchitira chilungamo. Mwana woyamba wa Paula, Blesilla, anaferedwa mwamuna patangotha miyezi isanu ndi iwiri ya ukwati. Anali mtsikana wokonda zovala ndi kudziyang'anira pagalasi. Atachira pa matenda aakulu anatembenuka mtima, nayamba kusala kudya mopitirira muyeso, Jerome akumulimbikitsa. Patangopita miyezi pafupifupi inayi anamwalira, chakumapeto kwa 384, ali ndi zaka 20. Pamaliro Paula anakomoka, ndipo anthu anayamba kung'ung'udza kuti mwanayo waphedwa ndi kusala, amonke athamangitsidwe mumzinda. Kalata imene Jerome analembera mayi wofedwayo ili ndi misozi, koma ilinso ndi chidzudzulo chakuti akulira mopitirira, ndipo ngakhale lero imawawa poiwerenga. M'makalata a zaka zotsatira timamupeza akuchenjeza kuti ana ndi achinyamata asamasale nthawi yaitali; phunzirolo analipeza pa mtengo wokwera. Anali atadana kale ndi ansembe ambiri a ku Roma chifukwa chowaseka polemba za mafuta awo onunkhira ndi maulendo awo a ku nyumba za amayi olemera. Papa Damasus atamwalira mu December 384, Jerome anatsala wopanda womuteteza. Mphekesera zonyansa za iye ndi Paula zinafala, ndipo mu August 385 anakwera chombo, akutcha Roma kuti Babiloni. Sanabwererenso.

Paula ndi Eustochium anamutsatira. Anayendera limodzi malo oyera, anafika ku Ejipito kukaona amonke a m'chipululu ndi kukamvera Didymus, mphunzitsi wakhungu wa ku Alexandria, ndipo mu 386 anakhazikika ku Betelehemu. Ndi chuma cha Paula anamanga nyumba ya amonke, nyumba ya asisitere amene anagawidwa m'magulu atatu, ndi nyumba ya alendo m'mbali mwa msewu, pokumbukira kuti Maria ndi Yosefe anasowa pogona m'mudzi womwewo. Tsiku linkayenda ndi Masalimo: m'bandakucha, 9 koloko, 12 koloko, 3 koloko, madzulo ndi pakati pa usiku. Sisitere aliyense ankayenera kudziwa Masalimo pamtima ndi kuphunzirapo kanthu ka m'Malembo tsiku lililonse. Jerome anakhala kumeneko zaka 34, pafupi ndi phanga limene Ambuye anabadwira.

Chipangano Chakale chimene Akhristu a kumadzulo ankawerenga chinamasuliridwa kuchokera ku Septuagint, Baibulo la Chigriki limene Ayuda a ku Alexandria anamasulira Khristu asanabadwe. Motero la Chilatinilo linali kumasulira kwa kumasulira. Poyamba Jerome ankangokonza lomwelo, mothandizidwa ndi buku lalikulu la Origen, katswiri wa Malembo wa zaka za m'ma 200, lotchedwa Hexapla, limene linali ku Kesareya ndipo linaika Chihebri ndi Chigriki m'mizere isanu ndi umodzi yoyandikana. Cha m'ma 390 anaganiza zokatunga pa kasupe penipeni, ndiye kuti Chihebri. Ankalipira aphunzitsi achiyuda, ndipo mmodzi wa iwo, Baranina, ankabwera usiku ngati Nikodemo poopa anzake. Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 15, mpaka cha m'ma 405. Mabuku ena ankathamanga nawo modabwitsa: Miyambo, Mlaliki ndi Nyimbo ya Solomoni anawamasulira m'masiku atatu atangochira pa matenda. Pambali pake ankalemba mabuku otanthauzira aneneri, Mthenga Wabwino wa Mateyo ndi makalata anayi a Paulo, ndi kuyankha makalata ochokera mbali zonse.

Ngakhale Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, anada nkhawa ndi kumasulira kwatsopanoku. Anamulembera za zimene zinachitika mumzinda wa Oea, umene lero ndi Tripoli ku Libya. Episkopi wa kumeneko anawerengetsa buku la Yona monga analimasulira Jerome. Pofika pa chomera chija chimene chinamera usiku umodzi n'kumuchitira Yona mthunzi, anthu anamva dzina lachilendo. Iwo anazolowera kumva mphonda, koma Jerome anaikapo dzina la chomera china choyanga pakhoma. M'tchalitchi munabuka phokoso lalikulu moti episkopiyo anatsala pang'ono kutsala yekha, ndipo anachita kubwezeretsa liwu lakale. Akatswiri ambiri lero amati chomeracho chinali nsatsi, ndiye kuti mbali zonse ziwiri sizinalase. Nkhaniyi imaseketsa, koma taonani anthu ake: anthu wamba, ambiri osadziwa kuwerenga, amene ankamvetsera mwatcheru moti liwu limodzi litasintha anadziwa nthawi yomweyo. Ife tikamatuluka pa Misa, ndi angati tingatchule buku limene Mawu Oyamba achokera? M'maulaliki a pa Masalimo amene anasungidwa m'dzina la Jerome muli dandaulo lomweli. Timasamala kuti kanyenyeswa ka Ukaristia kasagwe pansi, ndipo n'koyenera kutero, koma Mawu a Mulungu akamathiridwa m'makutu mwathu maganizo ali kwina, sitiona kuti pali chimene chatayika.

Baibulo lake linalandiridwa pang'onopang'ono, makamaka iye atamwalira kale. Linadzatchedwa Vulgata, kutanthauza lofala pakati pa anthu, ndipo mbali yake yaikulu ndi ntchito ya manja ake. Kwa zaka zoposa 1,000 Mpingo wa kumadzulo unapemphera, kulalika ndi kuphunzitsa ndi mawu amenewo, ndipo Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unalitsimikiza kuti ndi lodalirika. Cholinga chake chakuti anthu amve Mulungu m'chilankhulo chimene amalankhula ndi chomwecho chinatipatsa ife Malembo Oyera mu 1966 ndi Buku Loyera mu 1998, limene Akatolika ndi a mipingo ina anamasulira limodzi. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican polimbikitsa akhristu onse kuwerenga Baibulo unatsamira pa chiphunzitso cha Jerome chakuti njira yomudziwira Khristu imadzera m'Malembo, ndipo Papa Francis anasankha tsiku la 30 September 2019 kulengeza Lamulungu la Mawu a Mulungu.

Tsono funso lovuta ndi ili: kodi munthu amene ankakhala m'Malembo usana ndi usiku anasinthika mtima? Yankho loona si lokoma lonse. Mu 393 analemba buku lotsutsa Jovinian, amene ankati unamwali ndi ukwati n'zofanana pamaso pa Mulungu. Poteteza unamwali Jerome ananyoza ukwati kwambiri moti bwenzi lake Pammachius, mkamwini wa Paula, anayesa kusonkhanitsa makope ake ku Roma kuti asafalikire. Chowawa koposa ndi nkhani ya Rufinus uja wa kusukulu. Iye anali ndi nyumba ya amonke pa Phiri la Olivi, ulendo wa maola ochepa chabe pansi kuchokera ku Betelehemu. Ubwenzi wawo wa zaka pafupifupi 30 unasweka pa mkangano wa ziphunzitso za Origen, amene onse awiri ankamukonda. Pamene Origen anayamba kutsutsidwa, Jerome anamukana msanga, Rufinus ayi. Mu 397 anagwirana chanza m'tchalitchi cha Kuuka kwa Ambuye ku Yerusalemu, koma chaka chotsatira moto unayakanso, ndipo mu 401 ndi 402 analemberana mabuku okumbutsana zakale ndi kuchititsana manyazi pamaso pa dziko. Augustino analemba ali wachisoni kuti ngati awiriwa adana ndiye palibe ubwenzi umene munthu angaudalire, ndipo kuti akanawapeza pamodzi akanagwada pa mapazi awo n'kuwadandaulira. Rufinus pambuyo pake anakhala chete. Jerome sanasiye. Ngakhale atamva kuti mnzake wamwalira ku Sicily, analemba za iye ngati chinkhanira chimene chakwiriridwa. Apa palibe chomuikira kumbuyo. Munthu amene analemba buku lotanthauzira Mateyo, ndi mutu 18 womwe, analephera kukhululukira bwenzi lake, ndipo Mpingo pomutcha woyera sunanene kuti pamenepa anachita bwino.

Chimene tingamuyamikire n'chakuti sankadzinamiza. Analemba za pemphero limene pakamwa pakuyenda koma mtima uli kumsika kapena ukuwerengera ndalama, ndipo aliyense wowerenga amaona kuti akunena zimene anazidziwa yekha. Analembanso kuti akakwiya, kapena akaganiza choipa, ankaopa kulowa m'matchalitchi a amaritiri, thupi ndi mtima zikunjenjemera. Malembo sanamusandutse munthu wofatsa. Chimene anachita ndi kumulepheretsa kukhala pa mtendere ndi tchimo lake. Kasanu ndi kamodzi pa tsiku Masalimo ankamubwezera pamaso pa Mulungu, ndi ukali wake womwewo, ndipo mwala uja wa pa zithunzi ukuchokera pamenepo.

Zaka zake zomaliza zinali za maliro. Paula anamwalira pa 26 January 404, ali ndi zaka 56, ndime za Masalimo zili pakamwa, atagawa chuma chake chonse mpaka kusiya ngongole. Jerome anasweka mtima moti kwa kanthawi sanathe kulemba. Mu August 410 ankhondo a Alaric analowa mu Roma n'kuufunkha masiku atatu. Marcella, amene tsopano anali nkhalamba, anamenyedwa kuti aulule kumene wabisa chuma chimene anali atapereka kalekale kwa osauka, namwalira patapita nthawi yochepa. Pammachius nayenso anamwalira chaka chomwecho. Uthenga unafika ku Betelehemu Jerome atangomaliza kutanthauzira Yesaya, akuti ayambe Ezekiele. Munthu uja anatcha Roma Babiloni analira mpaka kusowa mawu, masiku ambiri ntchito itaima. Kenaka othawa nkhondo anayamba kufika, anthu amene dzana anali olemera lero akupempha chakudya ndi pogona, ena ali ndi mabala. Nyumba ya alendo inadzaza. Jerome anaika pambali buku la Ezekiele, ndipo pofotokoza za kuchedwa kwake anati inali nthawi yoti zimene ankawerenga azichite ndi manja m'malo mongozilemba. Kwa ine, ngati pali malo pamene tikuona bwino zimene zaka zonse zija za kuwerenga ndi kupemphera zinabala, ndi pamenepa: munthu amene ankakwiya akasokonezedwa pa mabuku ake akutsegulira chitseko alendo osaitanidwa tsiku lonse. Kulemba ankachita usiku, maso atafooka moti zilembo zing'onozing'ono za Chihebri sankaziona pa nyale, ndipo mabuku a Chigriki abale ankachita kumuwerengera. Buku la Ezekiele linatha patapita zaka pafupifupi zinayi.

Mkangano wake womaliza unali wotsutsana ndi Pelagius, amene ankaphunzitsa kuti munthu akafunitsitsa angathe kukhala wopanda tchimo. Jerome, wodziwa mtima wake mmene unaliri, sakanavomera zimenezo. Mu 416, mkanganowu uli mkati, gulu la anthu achiwawa linaukira nyumba za ku Betelehemu. Anatentha nyumba, anamenya amonke ndi asisitere, dikoni mmodzi anaphedwa, ndipo Jerome anapulumukira mu nsanja yolimba. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu Eustochium, amene anakhala naye pa ntchito zaka zoposa 30, anamwalira. Anatsala ndi Paula wamng'ono, mwana uja wa zilembo za mtengo, amene anali atabwera ku Betelehemu kudzakhala m'nyumba imene agogo ake anamanga.

Nthawi imeneyi n'kuti akutanthauzira Yeremiya, mneneri yekhayo amene anali atatsala. Anafika pa mutu 32, pamene Yeremiya ali m'ndende, Yerusalemu atazingidwa ndi ankhondo a ku Babiloni, akugula munda ku Anatoti n'kusungitsa makalata a umboni mu mbiya yadothi. Sanapitirire pamenepo. Anamwalira pa 30 September 420, naikidwa m'phanga loyandikana ndi manda a Paula ndi Eustochium, pansi pa tchalitchi cha Kubadwa kwa Ambuye. Mafupa ake pambuyo pake anawasamutsira ku tchalitchi cha Santa Maria Maggiore ku Roma. Ku Betelehemu alendo amaonetsedwabe manda opanda kanthu ndi kachipinda ka m'thanthwe kamene amati ankagwiriramo ntchito.